Jekete ya a Isake

Kodi inu munasungapo chinthu chimene simufuna kuchitaya, komanso mukuopa kuchiyang'ana? A Estele a ku Chonde anasunga chotero pansi pa sutikesi. Inali jekete ya amuna awo a Isake, ija yobiriwira ngati ndimu, ya mizere yotuwa pachifuwa ndi kumsana, imene anthu amati lifulekita.

A Estele ndi mayi waukhondo, izi onse a kumpingo kwathu angachitire umboni. Ali mtsikana anagwirapo ntchito m'nyumba ya manijala wina kuesiteti ya tiyi, ndiye kumeneko anaphunzira kuti chovala chilichonse choyanika panja chisitidwe, kuopa mphutsi. Kaya ndi sokosi, kaya ndi thewera. Atakwatiwa, lamulolo analowa nalo m'banja. A Isake anali alonda kuesiteti, ankapalasa njinga m'bandakucha kukalandira anzawo ausiku. Kampani itawapatsa jekete ija, a Estele anaitenga ngati yunifolomu ya msilikali. Loweruka likafika ankaimenya pamwala kumtsinje, kuikwecha ndi chitsononkho, ikauma n'kuipondereza ndi ayironi yamakala mpaka mizere ija kusalala ngati mbale.

"Amake Hudson, tsiku lina mudzandisita ndi ine ndemwe," ankatero a Isake.

"Inu ndiye munakwinyika kale, ayironi singathe. Tavulani malayawo."

Ankaseka. A Isake ankanyadira kuti pa alonda onse palibe wowala ngati iwo.

Mwezi wa Juni kunagwa chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu yoti phiri osaoneka n'komwe. A Isake anatuluka kusanache monga mwa masiku onse, atavala jekete yawo. Pa kona wina wa msewu wa ku Blantyre lole ya nkhuni inawagunda kumbuyo. Njinga inangopindika gudumu. Iwo sanafike ndi kuchipatala komwe.

Dalaivala uja sanathawe. Anabwera pamaliro ndi abale ake, anagwada pamaso pa a Estele. "Mayi, Mulungu akundimva, sindinaone kanthu. Ndinangomva kugunda."

A Estele anamulavulira pafupi ndi mawondo. Munthu wovala lifulekita osaoneka? Linali bodza, kapena mowa. Kuyambira tsiku limenelo, kutchalitchi pemphero likafika pokhululukira otilakwira, iwo ankatseka pakamwa, kudikira anzawo adutse. Ndikunena poyera chifukwa eni ake amanena okha.

Koma panali kamawu kena kamene kanawalowa ngati minga. Tsiku logawa zovala za malemu, amalume a a Isake ananyamula jekete ija, n'kuitembenuza. "Mizereyi yachita kusalala chonchi bwanji? Ya anzawo imakhala yokhakhala." Anangonena basi, n'kutenga thalauza. A Estele anaipinda jeketeyo msangamsanga, nati imeneyi sigawidwa.

Kuchokera pamenepo tulo tam'mawa tinawathawa. Atambala akayamba kulira ankamva tcheni cha njinga kuseri kwa nyumba, pomwe njingayo inali chipachikire kudenga. Akatseka maso ankawaona a Isake ataima pakati pa msewu m'nkhungu, akukweza dzanja, magalimoto akungodutsa osachepetsa liwiro. A Isakewo sankaoneka okwiya ayi. Ankangoyang'ana pachifuwa pawo, kenako n'kuyang'ana akazi awo, ngati munthu wofunsa. Amayi a Mvano anabwera kudzapemphera nawo kangapo. A Estele ankati ndi BP.

Zaka zinadutsa. Mwana wawo Hudson anakula, anakwatira, mkazi wake ali ndi pakati, ntchito palibe. Tsiku lina anatsitsa njinga ya bambo ake, anaiwongola gudumu, anaika khushoni pakaliyala. Anati ayambe kabaza, azinyamula amayi a nanazi ndi tomato opita kumsika kusanache.

"Amayi, tcheyamani wa pasiteji sakulola munthu wopanda lifulekita. Mundipatse ya abambo ija."

"Ukagule yako."

"Ndigule bwanji ina ilipo? Ndinaiona, ikadali ngati yatsopano. Kapena mukufuna muziifunda?"

Hudson anati ayamba Lolemba. Apa mayi uja anaona kuti njira zilipo ziwiri zokha. Kumupatsa mwana jeketeyo osadziwa ngati imawala, kapena kukafufuza, n'kumva chimene anakhala akuchithawa zaka zonsezi. Anagwada pamphasa. Anangoti, "Ambuye, mukudziwa," n'kudzuka, n'kukulunga jekete m'chitenje.

Pamsika wa Chonde pali a Sabina, ogulitsa zipangizo za njinga ndi malifulekita. Amuna awo anagwirapo ganyu yopenta mizere yamsewu, ndiye zinthuzi amazidziwako.

"Amake Hudson, mwabwera ndi mwana wakhanda kodi? Mwafukata chiyani?"

"Ndikufuna mundiuze ngati iyi imawala."

A Sabina ataiona jeketeyo anasiya nthabwala. Anawalowetsa m'kachipinda kosungira matayala, anatseka chitseko, munali mdima. Anapachika jekete ya a Isake pa msomali, yatsopano pambali pake.

"Mizereyi si penti wamba. Muli timikanda tagalasi, ting'onoting'ono kuposa shuga. Abambo akwathu ankatiwaza pa penti yamsewu isanaume. Kuwala kukatigunda, timakubweza komwe kwachokera, kwa dalaivala. N'chifukwa chake tochi muiike apa, pafupi ndi diso. Mukaigwira pansi simuona kanthu."

Anawapatsa foni itayaka tochi. A Estele anaikweza mpaka patsaya.

Jekete yatsopano inayaka ngati yalumikizidwa kumagetsi, mpaka maso kuwawa. Ya a Isake inangokhala bii, ngati thumba lopachika. Mizere yake sinabweze kanthu. Pansi pa kolala pokha, pomwe ayironi sinkafika bwino, panali kachidutswa konga chikhadabo, kakuthwanima kokhakokha.

"Munkaichapa bwanji?" anafunsa a Sabina chapansipansi.

"Pamwala. Ndi chitsononkho."

"Kusita?"

"Mlungu uliwonse."

A Estele anaimabe, tochi ili patsaya, kuyang'ana kachidutswa kaja. Ndiye kuti dalaivala ananena zoona. M'nkhungu muja munalibe choti aone, kupatula kachikhadabo kobisika pansi pa kolala. Anakumbukira mmene ankathira makala ena kuti ayironi itenthe bwino, mmene ankapondereza pamizere pomwepo kuti pasalale.

"Mayi, palibe anakuuzani," anatero a Sabina. "Kapepala kake kamakhala m'Chingerezi, timalemba take ngati nyerere."

"Sanandiuze, inde. Koma dzanja linali langa."

Madzulo anamuitana Hudson, anamupatsa jekete yatsopano imene anagula kwa a Sabina, n'kumuuza zonse osabisa. Hudson anayang'ana pansi. Kenako anatuluka, sanadye. Lolemba m'bandakucha anagogoda pakhomo pa amayi ake atavala jekete ija.

"Taunikani, amayi."

Anaunika. Mwana anayaka pachifuwa ponse.

"Iyi simuigwira," anatero Hudson. "Ndizichapa ndekha." Anakwera njinga n'kumapita. Za bambo ake sanazitchulenso mpaka lero, ndipo a Estele sadziwa ngati kumeneko n'kukhululuka kapena ayi. Dalaivala uja a Estele anamufunafuna kuti akamupepese, koma akuti anasamukira ku Mozambique, palibe wodziwa mudzi wake. Amangomutchula m'pemphero kuti "munthu uja", poti dzina lake sanafune kulimva nthawi ija.

Masiku ano a Estele amakhala pakhonde la a Sabina ndi makina osokera. Amasoka mizere yonyezimira pa majekete akutha, pa zikwama za ana asukulu, ngakhale pa chitenje cha mayi wolawira kumunda wa tiyi. Anyamata a kabaza anawapatsa dzina loti a Trafiki, chifukwa akakuona wavala lifulekita yotuwa sakusiya.

"Iwe, talowa umu."

"A Trafiki, ndili ndi kasitomala."

"Kasitomala adikire. Mkazi wako amasita?"

"Ameneyo ngakhale malaya a tchalitchi sasita."

"Umugwiritse, ndi mkazi wabwino."

Akalowa nawe m'kachipinda ka matayala amakupatsa tochi uunike wekha, poti akuti munthu sakhulupirira za kuuzidwa. Ena amatuluka akuseka, ena amatuluka ali phee.

Musaganize kuti anachira. Kukagwa chiperoni sabwera kumsika, amakhala pakhomo atayang'ana kumsewu mpaka Hudson abwere. Koma masiku ena onse alipo. Mukamadutsa pa Chonde tsikani, mufunse pa a Sabina a zanjinga. Mutenge lifulekita ya amuna anu kapena ya mwana wanu, makamaka ngati ikuoneka yoyera bwino. Pitani mukawaone a Estele, ndipo musakawauze kuti silinali vuto lawo, amakwiya nazo. Mukangokhala nawo pabenchi, mupemphere nawo pang'ono, kenako mulowe mukaunike.