Nyimbo yanga ya m'minibasi

Ine pakamwa sipakhala chete, ndinabadwa choncho, eya! Ndikakwera minibasi ya ku Lilongwe, dengu la usipa atalimanga kumbuyo, anzanga amagona. Achinyamata maso pa foni, netiweki ikathawa m'mapiri muja n'kumangoyasamula. Ine ndiye nthawi yanga yopeka nyimbo. Kulemba ndimalemba dzina langa basi, ndiye nyimbo ndimaisunga poiimba, kuimba, kuimbanso. Matayala akamati gudugudu, ng'oma yanga ndi imeneyo.

Chaka china amayi a kwaya ya kumpingo kwathu ku Senga Bay tinkakonzekera msonkhano waukulu wa makwaya. Anati, "Agogo, mutipekere yatsopano." Ndinapeka, mayo ine, yonona ngati chambo! Inkati siyani ukonde asodzi inu, mwera wakula, Mbuye akuitana kumtunda.

Pampando wa m'minibasi ndinkakhala ndi mnzanga wa malonda, mayi wa ku Maganga, woimbanso kwaya ya kwawo. Chinangwa chophika tinkanyemerana, ndikawodzera phewa lake linali pilo wanga. Tsiku lina anati, "Asisi, mutuwu wakalamba, muiwala. Imbirani mufoni mwangamu ndikusungireni."

"Popanda netiweki ilowa?"

"Ilowa, ili ndi khutu lake."

Ndinaimba ndi mtima wonse, yonse mpaka kumapeto. Kondakitala anati, "Agogo, mwatiphera wailesi!" Tinaseka minibasi yonse.

Ife a kwaya yathu tinaphunzira nyimbo ija mpaka mawu kusasa. Tsiku la msonkhano anayamba kuitana a ku Maganga. Anaima, mnzanga uja kutsogolo, duku lili njo. Atangotsegula pakamwa, ndinamva nyimbo yanga ija. Ukonde wanga, mwera wanga, ngakhale pamene ndimakoka mawu kuti ndipume, iwonso anakoka! Nthungululu tchalitchi chonse. Wotsogolera mwambo atafunsa kuti wapeka ndani, mnzanga anakweza dzanja, akumwetulira.

Kumisonkhano yathu nyimbo ndi ya amene wayamba kuiimba, wobwera pambuyo ndi wakuba. Otsatira tinali ife. Amayi anandiyang'ana. "Agogo, titani?"

"Tiimba yomweyo. Ndi yathu."

Tinaimba, ine misozi ili chuchuchu koma mawu osagwa. Wina kumbuyo anakuwa, "Obwereza awo!" Anthu anaseka, ena kubisa nkhope m'zitenje.

Pa nthawi ya chakudya mnzanga uja anabwera ndi mbale ya mpunga. "Asisi, musakwiye, nyimbo ya Mulungu ilibe mwini."

"Ilibe mwini? Nanga dzanja lija linali la Mulungu?"

Anaika mbale pansi, n'kuchoka.

Ulendo wotsatira ndinamupeza atakhala kale m'minibasi pa Salima, atandisungira malo ndi chikwama. "Asisi, bwerani kuno!" Kondakitala ananyamula dengu langa. Ndinati tsitsa, mwanawe, ndidikira ina. Ndinaima padzuwa ndi usipa wanga mpaka minibasi ija inadzaza n'kunyamuka.