Dzina la Apongozi a Beatrice

Mukafika pa loji yathu ku Senga Bay, amene amakulandirani ndi Beatrice. Ine ndimachapa ndi kusita kuseri, choncho ndimamudziwa bwino: mayi wa ana atatu, wa ku Khombedza, woyenda mwachangu. Koma ulemu wake nthawi zina umanditopetsa. Munthu wake ndi uja amagwada polankhula ndi apongozi ake pafoni, ngati akumuona.

Chaka chatha anayamba maphunziro a dipuloma ya zokopa alendo, ophunzira uli kunyumba aja, chifukwa abwana ananeneratu kuti umanijala sapatsa munthu wopanda pepala. Pa ntchito yomaliza anasankha kulemba za mpunga wa ku Chinguluwe, momwe umafikira m'mbale za alendo. Mabuku sanavutike nawo. Apongozi ake aamuna anali mlangizi wa zaulimi kumeneko, ndipo asanapume ntchito analemba kabuku ka ulimi wothirira. Beatrice anatapamo ndime zingapo, mawu ake omwewo, n'kungoyamba ndi kuti "monga ananenera akuluakulu".

Aphunzitsi ake anamuimbira foni ine ndili pomwepo.

"Mayi, akuluakulu ake ati? Kabukuka ndinakawerengapo ine. Kutenga mawu a munthu osamutchula, kuno timati kuba. Lembani dzina lonse la mwini wake, chaka ndi tsamba, apo ayi dipuloma muiiwale."

"Ndi apongozi anga, aphunzitsi. Ndiwatchula bwanji dzina?"

"Pepani mayi, koleji sidziwa chipongozi."

Beatrice analira, ine n'kupsa mtima. Ndinati, "Iwe, cholembera chilinso ndi apongozi? Tangolemba." Iye ayi, akuti dzanja likukana. Chikwatiwire sanalitchulepo dzinalo. Ngakhale mwana wake woyamba, amene anapatsidwa dzina la agogo akewo, amangomuitana kuti Bambo.

Loweruka tinakwera minibasi ya ku Chinguluwe, ine womuperekeza. Iye ankati akapepese poyika mawu a madalawo m'mavuto, kenako achotse ndime zonsezo, ngakhale ntchito itsale mafupa okhaokha. Tinawapeza pakhonde akukonza mpini wa khasu. Beatrice anagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali, n'kumafotokozera apongozi ake aakazi, iwo n'kumapatsira amuna awo, ngakhale tonse timamvana bwinobwino.

Madalawo anaika mpini pansi.

"Ndiye kuti mawu anga apita ku koleji, ine mwini wake n'kutsala pakhomo?"

Kenako anapitiriza:

"Kabuku kaja ndinakalemba dzuwa likundiwotcha m'minda umu. Ena ndawaona akukulungira usipa pamsika. Inu nokha apongozi ndi amene mwakawerenga, ndiye inunso mundibise? Kalembeni, musasiyeko ndi chilembo chimodzi."

Pobwerera ndinamuseka njira yonse, mpaka kondakitala anafunsa ngati tamwa.

Analemba ndithu. Ndime iliyonse yobwereka anaiika m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi mawu a wina, zina anazifotokoza m'mawu ake, koma ponseponse dzina, chaka ndi tsamba. Anakhoza bwino, umanijala uja n'kupatsidwa, moti pano ndikasita mochedwa amene amandikalipira ndi iyeyo.

Tsiku lokawaonetsa apongoziwo pepala la ntchito yomaliza ija ndinapita nayenso, ndisaname, pofuna mpunga. Madalawo analitembenuza uku ndi uku, kuliyandikiza, kulitalikitsa, koma maso awo anachita ng'ala kalekale. Akazi awo sadziwa kuwerenga. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndiwawerengere, iwo anakana.

"Awerenge amene analemba."

Beatrice anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana nkhuku. Anapuma mozama, ali chigwadire, maso ali papepala, n'kuwerenga.

"Kamtedza, Macdonald. Ulimi Wothirira Mpunga."

Madalawo anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Makutuwa akutha, apongozi. Tabwerezani."