Tsiku Limene Adada Anafunditsa Laputopu Thaulo Lonyowa

Laputopu ya adada inayamba kuzima yokha mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Inali yakale, ija ndinawasiyira nditapeza ina, ndipo iwo ankaigwiritsa ntchito imodzi yokha: kuonera vidiyo imene mlongo wanga anajambula tsiku losankha fodya, amama asanayambe kudwala. Malemu amamawo amaonekera chakumapeto kwenikweni. Koma tsopano vidiyo ikangofika pamene ngolo ikulowa pabwalo, fani yoziziritsa mkati mwa laputopuyo inkalira ngati njuchi, kenako thii, yazima. Kuwaikira pa foni sikukanathandiza, chifukwa maso awo saonanso zinthu zazing'ono. Panali patadutsa milungu itatu asanaione nkhope ya mkazi wawo.

Ine ndimakonza makompyuta pafupi ndi msika wa pa boma. Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwathu kwa Mphamba, m'chikwama muli sikuludiraiva, thonje, sipiriti ndi kachubu ka pesiti.

Ndinawapeza pakhonde. Laputopu inali pampando atayifunditsa thaulo lonyowa, madzi akudontha pansi. Ndinapsa mtima mpaka kuiwala moni.

"Adada, mufuna kuipha? Madzi na magetsi vinayamba liti kugwilizana?"

"Monile mama," anatero modekha, kundibwezera pa mwambo. "Thupi lake linapya maningi. Iwe ukadwala malungo, amako anali kukuchita chonchi, ndipo unali kupola."

Manyazi anandigwira. Ine pakamwa ndimafulumira, ndinatengera amama omwewo. Ndinagwada n'kupereka moni bwinobwino.

Mwamwayi madzi anali asanalowe mkati. Nditachotsa batire ndi kumasula chivundikiro, ndinapeza fani itadzaza fumbi la fodya, chifukwa adada ankaisunga m'chipinda cha mabelo, poti ndicho chokha chili ndi loko. Ndinayetsemula kawiri, iwo n'kumaseka kuti ana a pa boma mphuno zawo n'zaulesi. Kenako ndinamasula chitsulo chamkuwa chimene chimakhala pamwamba pa purosesa, kaubongo ka makinawo. Pakati pa ziwirizi pamayenera kukhala pesiti, phala lotuwa lothandiza kuti kutentha kuchoke pa purosesa kupita ku chitsulocho. Yakaleyo inali itauma gwaa, itang'ambikang'ambika ngati dothi la kudambo m'chilimwe.

Ndinanyowetsa thonje ndi sipiriti n'kumapukuta pang'onopang'ono mpaka ponse pawiri panawala. Adada anali atasendeza mpando pafupi, akupumira paphewa panga. Nditatsegula kachubu, anandigwira mkono.

"Thila yambili, mwana wane. Osaumila."

"Iyayi adada, kang'ono chabe, monga kanjele ka mpunga. Ikachuluka imasefukila m'mbali."

Anapukusa mutu. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukhulupirira kuti wodwala amafunika mbale yodzaza, ukamuuze za kanjere ka mpunga! Ndinaona kuti sakundikhulupirira, komanso kuti akufunitsitsa kuti pantchitoyi pakhale dzanja lawo. Ndinawapatsa kachubuko. Poti maso awo saona bwino, ndinagwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri, tinafinyira limodzi. Kadontho kanatuluka kokulirapo pang'ono kuposa mmene ndimachitira kuntchito. Ndinangokasiya momwemo. Ndinabwezera chitsulo chija, n'kumanga masikulu mopingasa, ili kenako la kutsidya, kuti phalalo lifalikire lokha mofanana.

Tinayatsa. Mu vidiyomo anthu anayamba kusankha fodya pamphasa, mlongo wanga akuyankhula zopanda mutu kuseri kwa kamera. Ngolo inalowa pabwalo. Apa ndi pamene inkazimira. Ndinaika chikhato pansi pa makinawo, panali pofunda chabe. Ngolo inaima, ng'ombe zinamasulidwa, vidiyo ikupitirirabe.

Ndiye amama anatulukira m'chigafa atafungatira masamba a fodya, chitenje atamangira m'chiuno. Anali onenepa, masaya odzaza. Ine ndinali nditasunga m'mutu nkhope ya masiku a kuchipatala yokha, iyi ndinali nditaiiwala, ndipo ndinawasowa kwambiri. Anayang'ana kamera n'kukwinya nkhope mwamasewera.

"Iwe, leka kunijambula, sin'nasambe! Pita ukauze atate ako kuti tiyi yazizila."

"Nabwela," anayankha adada chapansipansi, ndipo anagwira mpando kuti adzuke.