Mfuti imene ndinabereka pamodzi ndi mwana

Mwana wanga ali ndi chipsera pantchafu yakumanja, chaching'ono ngati njere ya dzungu, ndipo munthu akafunsa ndimati anagwera pa khasu. Ndi bodza. Mwana wa miyezi isanu ndi inayi sagwera pa khasu. Chipsera chimenecho anamupatsa ndi bambo ake, ngakhale sanamukhudze ndi dzanja. Ndikulemba m'kope muno kuti akadzadziwa kuwerenga adzaone yekha, chifukwa pakamwa sindinganene, mpanda wathu ndi wa udzu ndipo mawu amadutsa.

Zinayambira kusikelo, ku Champiti. Anamwino anamupachika mwana, nayang'ana pepala lake, nati mzere wa kulemera kwake ukutsika, magazinso ndi ochepa. Anati ndizimupatsa kadzira, kanyama kakapezeka, ndi nsinjiro m'phala tsiku lililonse. Ndinafika kunyumba, ndinawauza bambo ake mawu onse atatu monga ndinawamvera. Iwo anamva limodzi lokha, nyama. Mtedza unalipo m'thumba kuseri kwa chitseko, koma mtedza si chinthu choti mwamuna wobwera ku Joni ndi njinga yatsopano angaime nacho pabwalo anthu n'kumuona.

"Mwana wanga ine kuonda, njiwa zikulira m'munda mwanga momwe?" anatero. "Nkhwali zikufukula chimanga changa? Ndigula mfuti ya mbalame."

Ndinati pali legeni. Anati legeni ndi ya ana oweta mbuzi. Ndinati pali misampha. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Masiku amenewo, ndipo ngakhale lero, mfuti si mawu otchula mokweza. Kutsidya kwa malire kuli nkhondo, anthu akubwera ndi mitolo pamutu, ndipo munthu akapezeka ndi mfuti yopanda pepala la ku boma samufunsa kuti imapha njiwa kapena munthu. Amamufunsa kuti wakutuma ndani. Bambo ake analibe pepala. Anati kukapempha pepala ku Ntcheu ndiko kudzilembetsa dzina, ndipo dzina likalembedwa silifufutika. Apo ananena zoona. Chimene chimandiwawa n'chakuti ankadziwa zonsezo, n'kupitabe, n'kunditenganso ine ndi mwana.

Tinapita ku Kandeu tsiku la msika, iwo akukankha njinga, ine mwana kumsana. Pali sitolo ina ya bambo wachisilamu, wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka, amene amagulitsa sopo, mchere, misomali ndi machubu a njinga. Anatilowetsa kuchipinda chakuseri kumene kunali matumba a shuga, natseka chitseko, natulutsa mfuti zitatu m'chiguduli. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, khutu limodzi kunja.

Yoyamba inali yaitali, yolemera, thabwa lake lakuda. Bambo ake anaikonda msanga, anaiika paphewa n'kuloza kudenga. Mwini sitolo anaseka.

"Achimwene, imeneyo imaponya patali, nkhanga imagwa. Koma ithyoleni muone."

Mfuti zimenezi zilibe onga. Umaithyola pakati ngati ukuthyola nzimbe pabondo, sipuling'i ya m'kati imakanikizika, umaika kachipolopolo ka mtovu kakang'ono ngati nyemba ya khobwe, n'kuiwongola. Bambo ake anaithyola mitsempha ya m'khosi itatuluka. Mwini sitolo anati: "Kawiri, katatu, mkono watopa. Ndipo mukayenda nayo m'munda tsiku lonse, pofika pa nkhwali manja akunjenjemera, mudzapha mtengo."

Yachiwiri inali yapakati, koma sipuling'i yake inali itafooka. Anaiwombera m'thumba la utuchi, inangoti fuu ngati mbuzi yoyetsemula. Anaiika pambali.

Yachitatu inali yaifupi, yopepuka, yoti ngakhale ine ndinaikweza ndi dzanja limodzi. Mwini sitolo anafotokoza bwinobwino, ndipo sindimuda, ananena zoona zokhazokha. Anati iyi ndi ya njiwa, nkhwali ndi agologolo, osapitirira mapazi makumi awiri, ulase kumutu, ukalasa pamapiko mbalame imapita kukafera kutchire osadyedwa ndi munthu. Anati siilira kwambiri, mnansi sangamve. Anati tizipolopolo take timapezeka, pamene ta yaikuluyo mpaka ku Lilongwe.

Bambo ake sankamvera zimenezo. Ndinaona maso awo. Ankayang'ana mfuti, n'kuyang'ana msana wanga, n'kuyang'ananso mfuti.

"Thabwali limachoka?"

Mwini sitolo anamasula misomali yopota itatu, thabwa linachoka, kunatsala chitsulo chokha.

"Nanga ikathyoledwa, n'kusiyidwa chithyolere?"

Inapindika pawiri, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Pamenepo bambo ake anachitenga chitsulocho, anabwera kumbuyo kwanga, n'kuchiyeza pa mwana. Kuyeza ndithu, monga telala amayezera nsalu, kuyambira paphewa mpaka kuphazi la mwana wanga ali m'tulo. Ndipo anamwetulira.

"Iyi ndiye yathu. Ikukwana."

Umo ndi mmene mfuti yathu inasankhidwira. Osati chifukwa cha njiwa, osati chifukwa cha mkono. Chifukwa inali yofanana ndi mwana.

Potuluka mumsika panali chingwe, monga zimakhalira tsiku la msika. Anyamata a chipani amaima pamenepo kuona makadi a chipanicho, ndipo masiku amenewo ankapisanso manja m'matumba ndi m'madengu chifukwa cha nkhondo ija. Koma palibe mwamuna amene amamasula mwana kumsana kwa mkazi wa mwini. Zimenezo aliyense amadziwa. Bambo ake anawerengera pamenepo.

Ndinati ayi. Ndinanena motsitsa mawu chifukwa kunja kunali anthu ogula sopo. Ndinati: "Inu, bambo a mwana, inu, ganizani." Anati: "Mukufuna aipeze pa njinga, anditenge? Mudzamulera nokha ameneyu?" Mwini sitolo anapukusa mutu. Anati: "Achimwene, ikakhala yothyola chonchi sipuling'i ili pa mphamvu. Kachitsulo kokokera aka kakangokhudzidwa, paipi imabwerera ngati msampha wa nguluwe. Ndinaonapo munthu chala chitaphwanyika." Bambo ake anati timange ndi mphira. Mwini sitolo anadula chubu chakale, namanga kawiri, katatu, manja ake akuchedwa ngati akufuna wina asinthe maganizo. Palibe anasintha. Kenako anati: "Ine sindinakuoneni lero," natsegula chitseko chakuseri.

Bambo ake anakulunga chitsulocho m'thewera, anachigoneka pamsana panga, n'kumuika mwana pamwamba pake, ine n'kumanga nsalu, n'kufunditsa shawelo ngakhale dzuwa linali lowotcha. Thabwa analimanga pa njinga pakati pa mipini ya makasu imene tinagula, linkangooneka ngati mtengo. Chitsulo chinali chozizira pamsana, kenako chinatentha. Ndinkamva mapazi a mwana akusuntha, ndipo ndinkadziwa kuti kachitsulo kokokera kaja kali pamunsi, pafupi ndi zala zake.

Ndinamanga ndi manja anga. Izinso ndilembe. Palibe anandigwira manja.

Pachingwe panali mzere wautali. Bambo ake anapita kutsogolo ndi njinga, anaonetsa khadi, anaseka nawo anyamatawo, anadutsa, nakaima patsidya pansi pa mtengo wa bulugama, akuyang'ana tayala ngati laphwa. Ine ndinatsala pakati pa amayi a madengu. Dzuwa, shawelo, thukuta. Mwana anadzuka.

Sikunali kulira kwa njala. Mayi amadziwa. Kunali kulira kodukaduka, kokuwa, kwa mwana amene chinthu chikumubaya. Ankadzikankha ndi miyendo kuti achoke pamsana panga, ndipo kukankha kulikonse ine ndinkadikira kumva chitsulo chikuti kha.

Apa ndi pamene nzeru za bambo ake zinathera. Anakumbuka kuti mwamuna samasula mwana wa mwini. Anaiwala amayi. Kwathu kuno mwana akalira pagulu salira kwa mayi ake yekha, amalira kwa aliyense. Mayi wina wa dengu la mbatatesi, wamkulu ngati mayi anga, anayamba.

"Mtembenuzeni mwanayo ayamwe, mayi."

Ndinati angoyamwa kumene.

"Iii, kulira kumeneko? Mtembenuzeni. Mawere mukusungira ndani?"

Amayi ena anaseka. Wina anati atsikana a masiku ano amaopa kugwa mabere. Wina anati shawelo pa dzuwa lotere, mukumuphika mwanayo. Mayi wa mbatatesi uja anatula dengu, nati, "Bwerani ndikuthandizeni," dzanja lake n'kugwira mfundo ya nsalu yanga pachifuwa. Ndinalimenya dzanjalo. Ndinamenya dzanja la munthu wamkulu, pamaso pa anthu, ine amene sindinayankhepo munthu wamkulu mokweza chibadwire. Mwana anapitiriza kukuwa.

Mmodzi wa apachingwe, wamtali, wa ndodo m'manja, anabwera.

"Chavuta n'chiyani apa? Mayi, khadi."

Ndinamupatsa. Analiyang'ana, n'kuyang'ana kumsana kwanga nthawi yaitali.

"Bwanji simukumuyamwitsa mwana? Ndi wanu?"

Ndi wanu! Ndinaponya maso kubulugama kuja. Bambo ake anali atagwada, akupopa tayala losaphwa. Sanadzutse mutu. Mwana wawo akukuwa msika wonse ukumva, mkazi wawo akufunsidwa ngati waba mwana, iwo akupopa.

Sindidziwa mawu anachokera kuti. Ndinati: "Watsegula m'mimba, bambo, kuyambira m'mawa. Wadziipitsira msana wonse. Ndikamasula pano pali zakudya za anthu. Mundilole ndipite kuseri uko." Wandodoyo anabwerera m'mbuyo, nakwinya mphuno ngati fungo walimva kale. Analoza ndi ndodo kumunda wa chimanga umene unali kuseri kwa mashedi. Mayi wa mbatatesi anati, "Mukanangonena, mwana wanga," ndipo mawu amenewo anandipweteka kuposa akananditukwana.

Ndinalowa m'chimanga, mizere khumi, khumi ndi iwiri, mpaka pachulu. Ndinagwada, ndinawerama mpaka chipumi pansi kuti chitsulo chisagwe, ndinamasula pang'onopang'ono, ndinamusolola mwana cham'mbali. Thewera linali litasuntha. Kumapeto kwa paipi kuli kadzino kachitsulo koyang'anira polasa, ndiko kanali katalowa m'ntchafu mwake. Magazi sanali ambiri, koma anali a mwana amene anamwino anati alibe okwanira. Ndipo mphira umodzi mwa itatu ija unali utaduka.

Ndinamuyamwitsa pomwepo, ine ndikulira, iye akusisima. Chitsulo chinali pansi pafupi ndi bondo langa. Ndinachiyang'ana. Ndinakumba ndi manja m'mbali mwa mzere, dothi linali lofewa chifukwa anali atangobandira, ndinachigoneka momwemo ndi mphira wake, ndinakwirira, n'kupondaponda.

Ndinabwerera pachingwe mwana ali kutsogolo, bere lili m'kamwa, shawelo paphewa, msana wanga uli poyera kuti aliyense auone. Ndinapepesa kwa mayi uja ndi manja awiri. Wandodo anakweza chingwe osandiyang'ananso.

Tinayenda mpaka nyumba za Kandeu zitabisika. Pamenepo bambo ake anaimitsa njinga.

"Ili kuti?"

Sanati mwana ali bwanji. Anati ili kuti.

Ndinatsegula nsalu, ndinawaonetsa ntchafu. Anayang'ana, anati ndi kachilonda kakang'ono, kapola. Kenako anafunsanso.

Ndinati: "Ili m'munda wa kuseri kwa mashedi, mzere wa pachulu. Pitani mukaitenge. Mudutse nayo pachingwe nokha, pamsana panu. Ikukwanani, ndi yopepuka."

Anakweza dzanja. Ndinaima osaphethira, mwana ali pachifuwa. Ndinati: "Menyani, ndikuwe, abwere afunse chimene tikukanganirana." Dzanja linatsika. Aka kanali koyamba kuona kuti mantha amene ankandimanga ine akhoza kuwamanganso iwo.

Sanapite. Sabata imeneyo anati adikira anthu aiwale nkhope zathu. Sabata yotsatira anati mvula. Kenako mwini munda anakolola, ndipo sitinamve kanthu, kaya anaipeza n'kukhala chete monga tonse timakhalira, kaya ikadali pansi ikuchita dzimbiri, sipuling'i ili chikanikizire. Nthawi zina ndimaganiza za khasu la munthu wosadziwa likuigunda, ndipo ndimadzida.

Thabwa lija lilipo. Analisomeka kudenga, ndipo amalitsitsa nthawi zina n'kulipukuta ndi mafuta a njinga, n'kunena kuti akazi ena amathandiza amuna awo. Ndimatenga mtedza kuseri kwa chitseko, ndimakazinga, ndimasinja, ndimathira m'phala. Nkhuku imene ndinapempha kwa mayi anga ikuikira. Mwezi watha kusikelo anamwino anati mzere wayamba kukwera, ndipo pomuvula mwana anaona chipsera, nafunsa.

Ndinati anagwera pa khasu.