Kachitsulo ka M'duku

Mayi amene ndimagundana nawo zigongono pa fakitale ya mawaya a galimoto kuno ku Gaborone sabwereketsa kachitsulo kawo. Ndi kakang'ono ngati cholembera, ndipo ndi kamene timakankhira timapini ta waya m'mabowo a pulagi. Enafe tikaweruka timasiya tathu pa tebulo. Iwo amakasomeka m'duku n'kupita nako kulikonse, ngakhale kutchalitchi.

Mawu awo ndi omwewomwewo tsiku lililonse: "Kankha mpaka kalire kuti thi, kenako koka waya uone ngati wagwira. Ukapanda kukoka, wangodzinamiza." Ife timawaseka kuti tsiku lina adzadzibaya nako m'mutu.

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi Onalenna, hutala ya galimoto ya mkwatibwi inangoti zii. Azakhali a mkwati anakanitsitsa kunyamuka.

"Tiyende mwakachetechete ngati tanyamula maliro? Ine ayi!"

Abusa anali akudikira, anthu ayamba kung'ung'udza. Mayi a kachitsulo aja anangovula shawelo yawo n'kuuza dalaivala kuti atsegule kutsogolo.

"Mma, zovala zanu!" anadandaula Onalenna.

Mayiwo anapapasa mawaya mpaka anapeza kapini kamene kanabwerera m'mbuyo. Anasolola kachitsulo m'duku, anakankha, anakoka. Hutala inalira mpaka mbuzi zinabalalika, azakhali aja n'kuyambitsa nthungululu.

Chithunzi cha ukwatiwo chili pabalaza pawo. Mlendo akati, "Koma mkwatibwi anatchena," iwo amavomera mwachidule, chala chili kale pa banga la girisi lomwe likuoneka pamkono wa diresi yawo.

"Nanga apa mwapaona?"