Nyumba Yopanda Utsi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene abambo anawasamutsa kuti akaphunzitse pa shikola ina kufupi ndi Domwe. Inali nthawi ya Apwitikizi, ufulu usanabwere. Tinachoka ku Fonte Boa chisanu chitangoyamba, katundu ali pangolo, mlongo wanga Tiyago, khanda la miyezi isanu, ali kumsana kwa amayi.

Titafika, akatekisiti a kumeneko anationetsa nyumba ziwiri kuti tisankhepo. Ina inali yakale, yaudzu, denga lake lakuda ndi mwaye. Inayo inali itangomangidwa kumene, yamalata, pansi pasimenti, zipupa zoyera mbee. Fungo la laimu wosaumayo ndimalimvabe mpaka lero.

Amayi anaika chikhatho pachipupa, kenaka anachipukutira pansalu yawo.

"Bambo a Filomena, nyumba iyi sinaume. Kwathu nyumba yatsopano timayamba taisonkhera moto sabata yathunthu, kenaka n'kugonamo."

"Moto pasimenti?" abambo anaseka. "Mukufuna aphunzitsi azinunkha ngati nyama yowamba? Filomena, iwe ndiwe wa shikola. Tilowe iti?"

Maso anga anali kale pazenera lagalasi, pomwe ndinkafuna kuti ndiziika kaderno yanga, kabuku komwe ndinkalembamo za tsiku lililonse.

"Iyi, ababa. Yamwayeyo muzigona mbuzi."

Onse anaseka kupatula amayi. Tsiku limenelo ndinalemba m'kaderno kuti: "Lero tayamba kukhala ngati anthu."

Abambo analamula kuti moto uzikhala kunja kokha, utsi ungadetse zipupa. Koma chisanu cha kumapiri kuno sichiopa laimu. M'mawa uliwonse malata ankagwetsa madontho ozizira pamabulangete, ndipo kunsi kwa mphasa kunkakhala chinyezi. Tsiku lina m'mamawa ndinapeza amayi atalowetsa makala amoto m'phale, atawaika pafupi ndi pomwe Tiyago ankagona. Ndinathamanga kukanena kwa abambo. Phale lija linatulutsidwa, ine ndikudziona ngati ndateteza ulemu wa banja.

Sabata yachitatu Tiyago anayamba kutsokomola. Kenaka anasiya kuyamwa, nthiti zake zikulowa m'kati akamapuma. Abambo anakweza amayi panjinga kupita kuchipatala. Anabwerako dzuwa litapendeka, onse akuyenda pansi, mwana atamufunditsa mpaka kumutu.

Azimayi amene anabwera kudzakhuza maliro anakhala m'nyumba muja akunjenjemera. Mmodzi wa iwo, osafunsa munthu, anatenga nkhuni nasonkha moto pakati penipeni pa simenti. Abambo anaona, koma anamuleka. Pofika tsiku loika maliro, zipupa zinali zitada, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumbamo munali mofunda.

Amayi sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Ankati chibayo chimatenganso ana a m'nyumba zaudzu, ndipo mwina n'zoona. Koma ine ndikudziwa amene analoza nyumba ija, ndikudziwanso amene anakanena za phale.

Kaderno ija ndikadali nayo, ndipo tsamba lija sindinaling'ambe. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti tsiku lija amayi sankakana ukhondo kapena chitukuko. Ife tinkasankhira nyumba maso a odutsa m'njira, iwo ankasankhira munthu wamng'ono kuposa tonse, yemwe sakanatha kufunsidwa.

Lero ana anga akamandionetsa nyumba zawo zatsopano, amayembekezera kuti ndiyamikire mazenera. Ine ndimayamba ndaika chikhatho pachipupa, n'kufunsa kuti, "Khanda lizigona pati?"