Mroma wa ku Spinney Hill

Bambo Suleman anabadwira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya makolo awo, ndipo anadziwa kuyeza chitenje asanadziwe kulemba dzina. Atasamukira ku Leicester anatsegula kagolosale ku Spinney Hill, n'kumagwira ntchito ngati pali wowathamangitsa. Ankatsegula kusanache, chakudya ankadya chiimirire, dzanja lina lili pa tilu yolandirira ndalama.

M'chaka cha 2018 adokotala anawauza kuti BP yakwera, aziyendako. Mwana wawo Mahira, yemwe ankaphunzira mbiri yakale ku koleji, anawakokera m'tauni kukaona chikhoma chimene anasiya Aroma amakedzana, amene ankalamulira dzikolo kalekale.

"Apa panali bafa la mzinda wonse," anatero Mahira, m'Chingerezi chake cha masiku onse. "Anthu ankaweruka masana n'kudzasamba, kudzacheza. Anzeru awo ankati chuma chizikutumikira, osati iwe kumachitumikira."

"Masana? Nanga sitolo ankasiyira ndani?"

"Ankatseka, adadi."

Bambo Suleman anachiyang'anitsitsa chikhomacho. Lolemba lake anatseka golosale dzuwa likanali m'mwamba, makasitomala kukamwa kuli yasa. Anabwereka kadimba cha ku Wigston, nadzala maungu, mpiru ndi tsabola.

Vuto linali lakuti Aroma aja anayamba kulankhula zambiri. Chilichonse chimene bambo sakuchifuna, Aroma anali atachiletsa kale. Tsiku lina akazi awo, mayi Gulshan, anawatuma kuti atulutse bini ya zinyalala.

"Aroma ankati munthu akakhuta asanyamule katundu."

"Chabwino," anayankha mayiwo. "Mawa akuphikireni Aromawo."

Bini inatuluka nthawi yomweyo.

Anamwino Achimalawi amene ankagula ufa pagolosalepo anadandaula poyamba. Koma atamva kuti kudimba kuli nkhwani weniweni, anayamba kukwera basi Loweruka kupita komweko, kukathyola masamba ndi kuseka Chichewa cha ku Limbe cha mwini dimba.

Amene sizinamusangalatse anali mng'ono wa bambo Suleman, Zakir, mwini masitolo angapo, munthu wa mafoni awiri. Iye anawalondola kudimba atavala nsapato zonyezimira.

"Achimwene, ku Beaumont Leys kwapezeka malo. Tigwirizane, titsegule sitolo ina."

"Ndikatsegula ndipeza chiyani?"

"Mudzalemera, mudzapume bwino."

"Nanga panopa ukuona ngati ndikutani?" anafunsa bambo Suleman, atakhala pabenchi, kapu ya tiyi ili m'manja. "Takhala pansi, ukundiphimbira dzuwa."

Zakir anakhala, akufotokozabe za lendi ndi malo oimika magalimoto. Kamphepo kankawomba, njuchi zili ng'ung'ung'u m'maluwa a maungu. Mawu ake anayamba kutalikirana, mutu n'kupendekeka, kenako mkonono.

Foni imodzi italira, bambo Suleman anaisolola m'thumba la jekete mwakachetechete, naiika mu ndowa, n'kuvundikira ndi thumba la manyowa. Zakir anadzuka dzuwa litapendeka, tsaya lili ndi mizere ya thabwa, n'kufunsa ngati tiyi watsalako.